Kodi Mafunso a M'buku Apindulitsanji Mwana Wamkazi?

Pali dandaulo limene timva kawirikawiri m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja. Makolo ena ati, "Usipa uli pa thandala, madzi sanatungidwe, koma mwana ali kuvutika ndi mafunso a za anthu a m'buku amene sanakhaleko ndi kale lomwe. Kodi mafunso amadyedwa?" Mawu awa sitiwanyoza, pakuti achokera kwa anthu odziwa njala. Koma tiyeni tiwayese bwino, tione ngati ali oona.

Poyamba tidziwe mafunsowo. Mwa mabuku amene ana a ku sekondale akhala akuwerenga pali Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, limene linatuluka m'chaka cha 1933. Likamba za mnyamata wopulupudza amene pambuyo pake anakhala mfumu, natembenuka mtima. Ana akatha kuwerenga buku lotere, mphunzitsi awafunsa mafunso a mitundu itatu. Loyamba ndilo lakuti, chinachitika nchiyani? Ili liyesa chikumbumtima chabe cha zimene mwana anawerenga. Lachiwiri ndilo lakuti, munthuyo anachitiranji chotero? Lachitatu ndilo lakuti, kodi anachita bwino? Perekani zifukwa zanu.

Funso lachitatuli ndilo tifuna tiliganizire. Pa mudzi mwana wamkazi amva malangizo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a malangizowo ali abwino. Koma ndani amfunsa chimene iye aganiza? Pa bwalo alankhula akulu, pa khomo alamula atsibweni. Tsono m'kalasi mtsikana wa zaka 15 apatsidwa mlandu wa munthu wa m'buku kuti auweruze. Saloledwa kungoti "anachimwa". Ayenera kuonetsa pamene munthuyo ananena china nachita china, ndi chimene chinatuluka m'machitidwe ake. Potero aphunzira kuti mawu a munthu ayesedwa ndi ntchito zake.

Taonani tsono pa madoko a ku Senga Bay. Nsomba zikagwidwa zambiri, ndalama ziyenda m'manja mwa anyamata a chilimira, ogula nsomba ndi alendo a ku mahotela. Mtsikana wosowa sopo ndi makope amva mawu ozuna: "Leka sukulu, ndidzakusamala ine." Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mwambi suthandiza munthu amene sanazolowere kung'amba mkuyu ndi kuyang'anamo. Mtsikana amene wafunsa "chifukwa ninji?" kambirimbiri pa nkhani za m'buku adzafunsanso pa gombe: Munthu uyu afunanji kwa ine? Nanga mwera ukaomba, maboti osalowa m'madzi, adzandisamala ndi chiyani? Funso lotero latchinjiriza moyo wa ambiri.

Malamulo a dziko ali kumbali yake. M'chaka cha 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wabereka mwana abwerere ku sukulu. Mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 inakonza malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane ndi zimenezo. Koma lamulo likhala m'buku, ndipo lithandiza msanga iye amene adziwa kuwerenga ndi kufunsa. Tikumbukire anansi athu a ku Dedza. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene anamwalira mu 2025, anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27 asanalowe ufumu. Iwo anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nabwezera anawo ku sukulu. Amenewo anali mwana wamkazi amene makolo anamlola kuphunzira.

Ena adzati, "Mtsikana wozolowera kufunsa adzakhala wamwano." Ife titi iyayi. Mwano ndiwo kuyankha usanamve. Koma mphunzitsi sapatsa malikisi mwana amene ayankha asanawerenge nkhani yonse. Amkakamiza kumva mbali zonse, ndipo pamenepo aweruze. Kodi si umo achitira mafumu anzeru pa bwalo? Safunsa anadya phula.

Choopsa chenicheni chili kwina. Mwana akhoza kuloweza mayankho olembedwa ndi ena, nakhoza mayeso a MANEB, koma osaweruzapo kanthu ndi mtima wake. Ameneyo wasenza mtsuko wopanda madzi. Aphunzitsi, musafulumire kupereka yankho. Dikirani kufikira mtsikana wamanyazi wa kumbuyo atanena lake.

Ndipo ife makolo, tichitenji? Tigawe ntchito za pa khomo kuti mlongo wake wamwamuna atungeko madzi. Timpatse mwanayo nyale ndi ola limodzi la bata madzulo. Atiwerengere nkhaniyo mokweza, ndipo timfunse, "Nanga iwe uti bwanji, mwanawe?" Ngakhale agogo osadziwa chilembo akhoza kufunsa chomwecho. Akayankha, timvetsere kufikira atatha, pakuti mwana amene amvedwa kwawo savuta kukana wonyenga wa panjira. M'mera mpoyamba.