Nyanga ya nsatsi

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha. Makolo athu ananena mawuwa podziwa kuti nsatsi imafota msanga, mwana n'kuiwala osavulala. Nanga ngati chimene mwanayo akulirira sichifota?

Funsoli lawasowetsa tulo anthu a ku Britain. Ku London kunali chipatala cha Tavistock, kumene ankatumizako ana amene mtima wawo ukukana thupi lobadwa nalo: wobadwa mtsikana koma wodzimva kuti ndi mnyamata, wobadwa mnyamata koma wodzimva kuti ndi mtsikana. Cha m'ma 2011 otumizidwa pa chaka sankakwana 250. Patatha zaka khumi anapitirira 5,000. Ena ankabayidwa jekeseni woimitsa kutha msinkhu, kuti mabere asamere kapena mawu asasinthe, mwanayo apeze nthawi yolingalira. Keira Bell anayamba mankhwalawa ali ndi zaka 16, kenako mahomoni achimuna, kenako opaleshoni yochotsa mabere. Atakula ananong'oneza bondo n'kukasuma. Khoti linamumvera mu 2020, koma la apilo linagamula mu 2021 kuti nkhaniyi ndi ya madokotala, osati oweruza.

Dr Hilary Cass, dokotala wa ana, atafufuza kwa zaka pafupifupi zinayi, ananena mu 2024 kuti umboni wa ubwino wa jekeseniyo ndi wofooka, ndipo za mafupa ndi ubongo wa mwana wokula atauimitsa msinkhu sizinadziwike bwino. Bungwe la boma la zaumoyo la NHS linasiya kupereka mankhwalawa kupatula pa kafukufuku. Apa ndikuvomereza ndi mtima wonse: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma kudekha si kutaya. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ana zikwizikwi akhala pamzere kwa zaka, ena mpaka kukula osaonana ndi dokotala. Taganizirani mwana amene m'mawa uliwonse amadzimanga pachifuwa mpaka kubanika, amasamba nyali itazimitsidwa kuti asadzione, sukulu anasiya. Thupi lake silikudikira kuti akuluakulu amalize mkangano. Ena mwa amene analandira mankhwalawa amati anawapulumutsa, ndipo sindingawatsutse pa ululu umene sindinaumve.

Chondiwawa n'chakuti mbali zonse ziwiri za mkanganowu zikukuwa, mpaka mayi Cass analangizidwa kuti asamakwere basi kapena sitima poopa chiwembu. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Lipoti la mayi Cass linatinso mwana aziunikidwa yense: nkhawa zake, matenda a maganizo, autism ngati ilipo, za kunyumba ndi za kusukulu. Pamenepa ambiri sawerengapo, poti palibe chokanganirana. Gawo lothandiza anawa ku Tavistock litatsekedwa anatsegula malo atsopano ku London ndi ku Liverpool. Ine ndikufuna kumva kuti mwana wogogoda kumeneko lero apeza womukhazika pansi ndi kumumvetsera mwezi uno, asanakwanitse zaka 18 ali pamzere.