Katungwe n'kukankhana: tsiku lopita ndi ana kokasewera



Tiyambe ndi kumuyamika Allah amene watifikitsa tsiku la lero tili amoyo, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga, sukulu zikangotsekera kapena Eid ikafika, ma status a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za ana. Uyu akudumpha pa jumping castle ku Blantyre, uyu wanyamula ice cream ku Chichiri, winayo akuloza mbidzi ku Game Haven ku Bvumbwe. Abale athu a ku Joni nawo amatumiza mavidiyo ana awo ali ku Gold Reef City, akukuwa m'mwamba pa tisitima tija timathamanga chozondoka. Ndiye mwana wa kuno ku Matandani amasuzumira foni ya achimwene ake n'kufunsa kuti, "Nanga ife tidzapita liti?"

M'makomo mwathu funsoli limayankhidwa m'njira ziwiri. Pena mwana amakalipiridwa, ati zimenezo n'za dunia, tenga juzu yako uziwerenga. Pena kholo limagwidwa manyazi, n'kuthamangira kwa wakatapila kuti nalonso lioneke pa status. Lero tiyeni tione zimene deen yathu imatiphunzitsa pa nkhaniyi, chifukwa ambiri a ife amene tikuwerenga pano ndife achimwene, achemwali, amalume kapena azakhali a winawake, ndipo ena tayamba kale kutchedwa ababa ndi amayi.

Choyamba, kusangalatsa mwana ndi Sunnah. Tsiku lina Mtumiki (SAW) akutsogolera swala adakhalitsa pa sijida mpaka maswahaba adayamba kuda nkhawa kuti mwina china chawachitikira. Atamaliza adawafotokozera kuti mdzukulu wawo adawakwera pamsana, ndipo sadafune kumudula masewera ake asanakhutire. Taganizani, imamu wa ma imamu onse, mumzikiti, anthu ali pambuyo, kudikira mwana kuti atsike yekha! Nthawi zina ankaswali atanyamula Umama, mwana wa mwana wawo Zainab, akafuna kuwerama n'kumutsitsa, akadzuka n'kumunyamulanso. Tsiku la Eid anthu a ku Habasha ankasewera ndi nthungo mumzikiti wa ku Madina, ndipo Mtumiki adaimirira kuti mayi athu Aisha (RA) aonerere ali kumbuyo kwawo. Adaima pomwepo mpaka mayi Aisha adatopa okha. Ndipo pamene Al-Aqra ibn Habis adawaona akupsompsona mdzukulu wawo Hasan, n'kunena kuti iye ali ndi ana 10 koma sadapsompsoneko ndi mmodzi yemwe, Mtumiki sadamuyamikire kuti ndi mwamuna wolimba. Adamuchenjeza kuti munthu wouma mtima asayembekezere kuchitiridwa chifundo.

M'nkhani zonsezi chimene Mtumiki (SAW) adapereka ndi nthawi yawo, msana wawo ndi kudekha kwawo. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu yonse.

Ngakhale mbiri ya mapaki akuluakulu a masewera imatiuza zomwezo. Disneyland, imene idatsegulidwa mu 1955 ku Anaheim m'chigawo cha California, mwini wake Walt Disney ankafotokoza kuti ganizo lake lidamufikira atakhala pa benchi ku Griffith Park mumzinda wa Los Angeles, ana ake aakazi awiri akuzungulira pa timahatchi tamatabwa, iye ali yekha phee. Adalakalaka malo oti kholo ndi mwana azisangalala limodzi. Lero bwanji? Timalipira geti, mwana timamuponya mu jumping castle, ife n'kukhala pa benchi maso ali pa TikTok. Mwana akukuwa kuti, "Amayi taonani! Ababa taonani!" ife n'kungoti "eee" osadzutsa ndi mutu womwe. Ndalama yapita, koma chimene mwana amafuna sanachipeze.

Akuluakulu adati katungwe n'kukankhana. Mwana wamng'ono akakhala pa katungwe miyendo yake siifika pansi. Katungwe angakhale wa chitsulo chopakidwa penti kapena wa chingwe pa mtengo wa mango, popanda dzanja lomukankha kumbuyo mwanayo angokhala chikhalire. Dzanja limenelo ndi lanu.

Tsono ngati Allah wakupatsani mpata ndipo mwamanga ulendo wopita ndi ana ku Blantyre, pali zinthu zoti tikumbutsane.

Yoyamba ndi niya ndi thumba. Kuchoka ku Matandani, kutsika mpaka kukapeza tala, kuwoloka Shire pa Zalewa, kudutsa pa Lunzu mpaka kulowa m'tauni, ndi ulendo wodya ndalama, makamaka mukawerengera mutu uliwonse kupita ndi kubwera. Onjezani geti, chakudya ndi tinthu timene ana amalirira. Werengerani zonsezi musananyamuke. Ndalama ya fizi, ya feteleza kapena ya mankhwala a agogo isathere pa tsiku limodzi. Ndipo katapila ndi riba basi, ngakhale mutaitenga pofuna kusangalatsa mwana. Chisangalalo cha maola asanu chisatisiyire tchimo ndi ngongole ya miyezi isanu. Ngati mtima ukufunadi, yambani kusunga pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ana nawo aziponyamo timakobiri tawo. Akatero amaphunzira kudikira, ndipo tsikulo likafika amalimva kukoma kwambiri. Dzifunseninso moona mtima: kodi ulendowu ndi wa ana, kapena ndi wa anthu amene adzaone status yanga?

Yachiwiri ndi swala. Allah adatipeputsira kale. Ma ulama ambiri amaika mtunda wa ulendo pa makilomita pafupifupi 80, ndipo kuchoka kuno kukafika ku Blantyre n'kopitirira pamenepo. Choncho wapaulendo atha kufupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kukhala ma rakaa awiriawiri. Fajr ndi Maghrib sizifupikitsidwa. Mu madh-hab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife tidaphunzira ku madrasa, n'zololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr nthawi imodzi, chimodzimodzi Maghrib ndi Isha. Pamene pakukuvutani funsani a shehe anu musananyamuke. Ikani mkeka woswalira m'chikwama, chitani udhu mukapeza madzi, ndipo ulendo musauike Lachisanu ngati ukakuphonyetseni Jumu'ah. Mwana akaona bambo ake akuimitsa masewera, n'kufunsa kumene kuli kibla, n'kuyala mkeka pakona pa paki, waphunzira zimene sangaiwale. Wadzionera yekha kuti Allah timamupembedza paliponse, tikakhala pa chisoni ngakhalenso tikamaseka.

Yachitatu ndi chilungamo pakati pa ana. Bambo ake a Nu'man ibn Bashir (RA) adapatsa mwana wawoyo mphatso, n'kupita kwa Mtumiki (SAW) kuti akhale mboni. Mtumiki adafunsa ngati ana ena onse alandiranso chimodzimodzi. Atamva kuti ayi, adakana kuikira umboni ndipo adalamula chilungamo pakati pa ana. Nanga ife timatani? Anyamata akwera minibasi, mtsikana watsala kuti atsuke mbale ndi kulera khanda. Ana obereka tokha avala zatsopano, mwana wa malemu achemwali amene tikumulera watsala pakhonde akuyang'ana fumbi la galimoto. Mwana ameneyo sadzaiwala tsikulo mpaka kukula, ndipo Allah waona. Ngati ndalama sikukwana onse, sankhani malo apafupi oti onse apite, kapena pangani kasinthasintha amene ana onse akumudziwa ndipo mudzamusungadi.

Yachinayi, mwana ndi amana. Pamalo podzaza anthu mwana wa zaka zinayi amasowa m'kuphethira kwa diso. Lembani dzina lanu ndi nambala ya foni pa kapepala, muike m'thumba mwake. Mukangolowa geti gwirizanani malo okumana wina akasochera. Masewera ena ali ndi muyeso wa msinkhu kapena zaka, ndiye musanamize wapageti kuti mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene ali ndi zisanu. Bodza limenelo mwana akulimva, komanso muyesowo adauika pofuna kuteteza moyo wake. Pa dziwe losambira diso lanu lisachoke pa mwana ngakhale madzi akuoneka osaya. Mwana akaopa kukwera chinthu musamukakamize kapena kumuseka kuti ndi wamantha chifukwa choti mwalipira kale. Mugwireni dzanja, mupite naye pa china.

Yachisanu ndi zimene zikulowa m'kamwa ndi m'maso. Soseji ndi nyama za m'malo ogulitsira zakudya funsani kaye, yang'anani chizindikiro cha halaal. Mukakayika, mbatata yophika, mazira, zitumbuwa ndi manachesi a kwathu kuno zimakwana bwinobwino m'kachikwama, ndipo thumba limapumako. Malo ena amaika masewera a ana pafupi ndi bala. Gold Reef City imene timaisirira ija, yomangidwa pa mgodi wakale wa golide ku Johannesburg, ili ndi casino pambali pake. Abale athu a ku Joni, dziwani geti lolowera ndi geti lolilambalala. Kunonso sankhani malo ndi nthawi imene mabanja ndiwo achuluka, ndipo mubwereko dzuwa lisanalowe, nyimbo ndi mabotolo zisanayambe kulamulira.

Pa zithunzi, jambulani ndithu, n'zokumbukira zabwino. Koma si chithunzi chilichonse choyenera intaneti. Mwana ali m'madzi wavula, chimenecho chikhale cha m'banja. Ndipo musanaike zithunzi 30 pa status, kumbukirani kuti pa anthu amene aziona pali mayi amene dzulo ana ake agona ndi phala lokha.

Tsopano kwa ife ambiri amene chaka chino Blantyre sitimuona, musadzione ngati mwalephera. Mtumiki (SAW) ankacheza ndi kamnyamata kotchedwa Abu Umair, mng'ono wake wa Anas ibn Malik (RA), n'kumakafunsa za kambalame kamene kankaweta. Kucheza kumeneko sikudalire dirham ngakhale imodzi, koma mpaka lero tikukuwerenga m'mabuku a Hadith. Kuno ku Neno Allah adatipatsa mapiri, mitengo ndi mphepo yabwino zimene anthu a m'tauni amalipira kuti akazione. Sankhani tsiku limodzi. Foni izimitsidwe kapena itsale m'nyumba. Mangani katungwe pa nthambi yolimba, muyambe mwamuyesa nokha akuluakulu. Pangani mpira wa mapepala, galimoto za mawaya, sewerani jingo. Achemwali, phada ndi fulaye simunaiwale ayi. Amayi akonze kampunga, ana aphike masanje pambali. Kwerani kaphiri, mukafika pamwamba muwafunse ana kuti adalenga zonsezi ndani, munene nawo limodzi Subhanallah. Mitsinje yokha samalani nayo nyengo ya mvula.

Ndipo poti Matandani ndi malo amene anthu amawadziwa ndi mishoni ya Seventh-day Adventist kuyambira 1908, ambiri mwa anzawo a ana athu ndi a mpingo umenewo ndi mipingo ina. Aitaneni. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Adye nawo, akwere nawo katungwe, aone kuti pakhomo pa Msilamu pali chimwemwe ndi ulemu. Ufulu wa mnansi Chisilamu chidautsindika kwambiri, ndipo sichidafunse kuti mnansiyo amapemphera kuti.

Achinyamata anzanga, ife amene tili ku koleji tikabwera ku holide timakonda kudzitsekera m'chipinda ndi foni, azing'ono athu n'kumatiopa ngati alendo. Holide ino tengani tsiku limodzi mulipereke kwa iwo ndi niya yofuna chikondi cha Allah. Mng'ono wanu amene mwamukankha pa katungwe lero ndi amene mawa adzakumvereni mukamuuza kuti tiye kumzikiti, chifukwa mwana amatsatira munthu amene amaseka naye. Ndipo tsiku lina ife tidzakalamba, miyendo yathu idzalephera kufika pamene tikufuna. Adzatigwire dzanja ndi ana omwewa.

Allah atidalitsire ana athu ndi azing'ono athu, awateteze m'misewu ndi m'masewera, awakulitse ali okonda swala. Apereke rizq ya halali kwa makolo amene akulephera kuyankha mafunso a ana awo, ndipo afewetse mitima yathu pa ana amasiye amene ali m'manja mwathu. Ameen.

Tiuzeni mu ma comment: ndi masewera ati amene mukawaphunzitse ana a kwanu holide ino, Insha Allah?

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.