Chilengedwe ndi Ululu wa Hatchi Yopanda Nsapato

M'chilimwe cha ku Ulaya ndi ku North America, nthaka ikauma n'kulimba gwa, eni mahatchi amene anasiya kukhomera ziweto zawo nsapato zachitsulo amakumana ndi funso looneka ngati la kawetedwe chabe, komatu pansi pake pagona mtsutso wakale wakuti kodi chinthu chimakhala chabwino chifukwa chokhacho chakuti n'chachilengedwe.

Otsutsa nsapatozi ali ndi mfundo zomveka. Kale ku Girisi, Xenophon ankalangiza kuti hatchi iziimitsidwa pa miyala yobulungira kuti ziboda zake zikhwime, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Jaime Jackson, ataonetsetsa mahatchi akutchire a m'dera la Great Basin ku America, anaphunzitsa kuti ziboda zizisadzidwa motengera za nyamazo. Vuto n'lakuti hatchi yakutchire imayenda mtunda wautali tsiku lililonse pa miyala, pomwe yoweta imathera miyezi yamvula pa msipu wonyowa, kotero kuti kunsi kwa chiboda kumafewa, ndipo nthaka ikauma mnofu wam'kati umatunduzika. Popeza khoma la chiboda limakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, kukhwima komwe mwiniwake akudikira kungatenge pafupifupi chaka. Ngakhale kutchireko sikuti zonse zili bwino, pakuti kafukufuku wa ku Australia pa mahatchi otchedwa brumby anapeza ambiri ali ndi laminitis, kutanthauza kutupa kwa timinofu tolumikiza khoma la chiboda ndi fupa.

Apa m'pamene mawu akuti hatchi izolowera amayenera kuyesedwa mosamala, chifukwa wopirirayo si amene anasankha chiphunzitsocho. Jeremy Bentham ananena mu 1789 kuti choyenera kufunsidwa pa nyama si kuganiza kwake kapena kulankhula kwake koma ngati imamva kuwawa, ndipo buku la Miyambo, pa mutu 12, limayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira moyo wa chiweto chake. Hatchi, monga nyama yosakidwa, imabisa ululu wake, moti ikafika pofupikitsa mapazi, kuzemba miyala kapena kutsimphina, ndiye kuti yavutika kale. Munthu amene anaitsekera mumpanda n'kuikwera pamsana anaichotsa yekha m'chilengedwe, choncho sangabisale kuseri kwa chilengedwecho pothawa udindo.

Udindowo ndi wooneka ndi maso. Hatchi ivekedwe nsapato zovula zokhala ndi mphira wofewa m'kati, wosadza ziboda asapale kunsi kwake, ntchito ichepetsedwe ndipo ichitikire pamalo ofewa. Chiboda chikatentha, mtsempha wa pamwamba pake n'kumagunda mwamphamvu, dokotala wa ziweto aitanidwe msanga, pakuti laminitis imayamba mofanana ndi kuwawa wamba. Zonsezi zikakanika, mwini hatchi ayenera kulola wosula kuti akhomerenso nsapato zachitsulo, ngakhale zitatsutsana ndi zimene wakhala akukhulupirira.