Ganyu wa pa intaneti: kodi phindu lake tingadye ndi mtima woyera?

Tonsefe timaudziwa ganyu. Munthu amalawirira kukaima pamsika kapena pomwe akumanga nyumba, kudikira womutenga. Akagwira amalandira zake n'kumapita, za mawa sazidziwa. Masiku ano ganyu walowanso m'kompyuta. Pali misika ya pa intaneti, monga Upwork ndi Fiverr, pomwe munthu wa ku London amapeza womujambulira chizindikiro cha bizinesi kapena womumasulira kalata, wogwira ntchitoyo ali m'nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Kawale.

Misika imeneyi ili ndi eni ake. Fiverr idayambira ku Israel mu 2010, ndipo masheya ake adayamba kugulitsidwa ku New York mu 2019. A Upwork, kampani ya ku America, adafika pamsika wa Nasdaq mu 2018. Ofuna kuikamo ndalama amafunsa ngati makampaniwa adzapindule, makamaka pano pomwe mapulogalamu onga ChatGPT ayamba kuchita ntchito zina zolemba ndi zomasulira. Ife tili ndi funso lina pamwamba pa limenelo: phindulo likabwera, limachokera pamsana pa yani?

Tione kaye momwe ndalama imalowera. Kampani siilemba munthu ntchito, imangomukumanitsa ndi kasitomala n'kudulapo gawo lake. Fiverr imatenga madola 20 pa madola 100 alionse omwe wogwira ntchito wapeza. Ku Upwork wofuna ganyu amagwiritsa ntchito timatikiti totchedwa Connects, tomwe tambiri n'togula, kuti apemphe ntchito, kaya aipeza kaya ayi. Laputopu ndi yake, bandulo ya intaneti agula yekha. Magetsi akazima ntchito n'kuchedwa, kasitomala amamupatsa nyenyezi zochepa ndipo ena amayamba kumulambalala. Akadwala palibe malipiro, akakalamba palibe penshoni. Chomwe chimakopa oika ndalama ndi chomwechi: kampani imakula osasenza mtolo wa antchito.

Tisanamize, ubwino ulipo. Ntchito zikusowa m'tauni muno, ndipo wachinyamata yemwe wasunga digiri m'sutikesi zaka zitatu akhoza kulipira lendi ndi ganyu wotere. Kasitomala wakunja safunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Mayi woyamwitsa kapena munthu waulumali amagwira ali pakhomo. Kupanga phindu pakokha si tchimo, ndipo womanga msika ayenera kudyapo.

Wina anganene kuti, nanga vuto lili pati, poti wogwira ntchitoyo adavomera yekha mtengo? Mpingo udayankha kalekale. M'kalata yawo ya Rerum Novarum ya mu 1891, Apapa Leo XIII adaphunzitsa kuti munthu akavomera malipiro osakwanira chifukwa cha umphawi kapena mantha, kuvomerako sikusandutsa malipirowo kukhala achilungamo. Wanjala sakhala ndi mphamvu zonenerera. Pamsika pomwe anthu a m'maiko ambiri akulimbirana ntchito imodzi, wotsitsitsa mtengo ndiye amapambana, ndipo kawirikawiri amakhala wovutikitsitsa.

Wina angatinso kampaniyo si bwana wake, ndi mkhalapakati chabe. Apapa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens ya mu 1981, adati ntchito ya munthu ndi yoyamba, chuma chimabwera pambuyo. Adaonjeza kuti udindo suli pa wolemba ntchito yekha, ulinso pa onse amene amakonza malamulo ndi njira zomwe ntchitoyo ikuyendera. Nkhaniyi idafika ndi kukhoti komwe: mu 2021 khoti lalikulu la ku Britain lidagamula kuti madalaivala a Uber omwe adadandaula ndi antchito oyenera malipiro ovomerezeka ndi tchuthi. Ogula masheya nawo ali ndi gawo pa udindowu, chifukwa ndi iwo amene amakakamiza kampani kuti phindu likwere chaka ndi chaka.

Ochepa mwa ife adzagula masheya ku New York. Koma ambiri tidagula njinga yamoto n'kupatsa mnyamata wa kabaza, tikumuuza ndalama yoti azibweretsa tsiku lililonse, kugwe mvula kaya mafuta asowe. Ena timalandira ntchito pa intaneti n'kupatsa mwana wa mnansi, ife n'kutenga gawo lalikulu osamuuza mtengo weniweni. Pamenepo Fiverr ndi ifeyo.

Kumbukirani fanizo la antchito a m'munda wamphesa pa Mateyo 20. Olembedwa madzulo adalandira malipiro a tsiku lathunthu, pakuti nawonso ana awo amayenera kudya usiku umenewo. Choncho musanaike ndalama pamsika wa ganyu, waukulu kapena waung'ono, dzifunseni: tsiku likavuta, amaluza ndani? Kodi wogwira ntchito akudziwa zonse zomwe ndikudulapo? Akadakhala mwana wanga, ndikadavomera kuti agwire motere? Ngati yankho likukuchititsani manyazi, sinthani mgwirizano wanu sabata ino, ndipo nkhaniyi mukaikambiranenso ku mphakati.