Kodi Boma Lili ndi Ufulu Wobisa Ngozi?

Funso loti boma lingabise zimene likudziwa m'dzina la chitetezo cha dziko ndi lakale kwambiri, moti katswiri wa nzeru zakuya Plato, m'buku lake la Republic, analola kuti olamulira anene bodza ngati likupindulira mzinda, pamene munthu wamba wonamiza olamulira ankayenera kulangidwa. Nkhaniyi imavuta kwambiri ngati chobisidwacho si malo amene asilikali abisala kapena chiwerengero cha zida zawo, koma poizoni amene walowa mumpweya, m'madzi kapena mumkaka umene ana akumwa, pakuti amene akumubisira chinsinsi chotere ndi nzika yomwe boma likuti likuiteteza.

Usiku wa pa 26 Epulo 1986, chimodzi mwa zipangizo zopangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya chinaphulika ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, lomwe panthawiyo linali mbali ya Soviet Union, ndipo chinamwaza tinthu totulutsa radiation, cheza chosaoneka ndi maso komanso chosanunkha chimene chimawononga thupi mkati. Anthu pafupifupi 49,000 a m'tauni ya Pripyat, yomwe inali pafupi ndi malowo, anapitiriza moyo wawo tsiku lonse la Loweruka, ana akupita kusukulu, mpaka masana a pa 27 Epulo pamene mabasi anabwera kudzawasamutsa, ndipo anauzidwa kuti atenge mapepala ndi zovala zokwanira masiku atatu okha. Dziko lonse lapansi linamva nkhaniyi pa 28 Epulo, makina a pamalo a nyukiliya a Forsmark ku Sweden atazindikira cheza chochokera kunja, ndipo madzulo ake ndi pamene boma la Soviet Union ku Moscow linatulutsa chilengezo cha ziganizo zochepa. Pa 1 Meyi anthu anaguba m'misewu ya Kyiv, likulu la Ukraine, pa chikondwerero cha apantchito, ndipo mtsogoleri wa Soviet Union, Mikhail Gorbachev, analankhula za ngoziyi pa wailesi yakanema pa 14 Meyi.

Amene amaikira kumbuyo chinsinsi ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa. Iwo amati m'maola oyambirira akuluakulu eniake sadziwa kukula kwa ngoziyo, ndipo kulengeza zosatsimikizika kungachititse chipwirikiti choti anthu n'kupondana m'misewu. Koma mfundoyi imaganiza kuti nzika ndi mwana wosatha kusenza uthenga woipa, ndipo imaiwala kuti pa ngozi zambiri wopulumutsa woyamba ndi mwini moyo, amene angatseke mawindo, kuchotsa ng'ombe kubusa kapena kuleka kupatsa mwana mkaka ngati wauzidwa. Ayodini wa mtundu wa 131, amene anagwera pa msipu n'kulowa mumkaka, amaunjikana m'chithokomiro, ndipo komiti ya United Nations yofufuza za cheza inawerenga anthu oposa 6,000 amene anadwala khansa ya chithokomiro pofika 2005 mwa amene anali ana panthawiyo ku Belarus, Ukraine ndi Russia. Dziko la Poland, lomwenso linali lachikomyunizimu, linamwetsa ana mamiliyoni ambiri mankhwala a ayodini oteteza chithokomiro m'masiku ochepa chabe, ndipo kulengeza kumeneko sikunagwetse dziko.

Katswiri winanso wa nzeru zakuya, Immanuel Kant, m'buku lake lonena za mtendere wosatha la mu 1795, anapereka muyezo wosavuta kumva, wakuti chochita chilichonse chokhudza ufulu wa anthu ena ndi cholakwa ngati mfundo yake singanenedwe poyera. Boma likhoza kuuza anthu mosachita manyazi kuti silidzaulula kumene limasunga zida, ndipo ambiri angavomereze. Koma palibe boma limene lingaimirire n'kunena kuti poizoni akadzalowa m'chitsime lidzakhala chete kuti lisanyozeke, anthu n'kulisiya pampando. Muyezowu umasiyanitsa chinsinsi choteteza dziko ndi chinsinsi choteteza nkhope za akuluakulu, ngakhale ziwirizi zimadindidwa chidindo chimodzi. Matenda obisa ngoziwa si a chikomyunizimu chokha: moto utabuka pamalo a nyukiliya a Windscale ku Britain mu 1957, boma linalamula kuti mkaka wa m'deralo utayidwe, koma nduna yaikulu Harold Macmillan anatsekera lipoti lonse la kafukufuku, mwa zina poopa kusokoneza mgwirizano wa zida za nyukiliya ndi America, ndipo linatuluka patapita zaka 30.

Chipembedzo chimaiona nkhaniyi mwaukali kuposa pamenepo. M'chaputala 33 cha buku la Ezekieli, mlonda amene waona lupanga likubwera koma osaliza lipenga amasenza mlandu wa magazi a ophedwa, pamene amene waliza lipenga anthu osamvera alibe mlandu. M'kaganizidwe kameneka zimene mlonda waona si chuma chake choti agawe mmene wafunira, popeza anaikidwa pamalo okwera ndi anthu omwewo kuti awaonere patali, ndipo kukhala chete kwake kumawerengedwa ngati ntchito imene wachita ndi manja ake. Kusadziwa bwino kukula kwa ngozi sikumumasula, chifukwa ngakhale kunena kuti chaoneka chinthu chosadziwika bwino ndi chenjezo ndithu.

Malamulo a mayiko anatsatira mwapang'onopang'ono. Pangano limene linavomerezedwa ku Vienna mu Seputembala 1986 limakakamiza dziko kudziwitsa mwamsanga mayiko ena ndi bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, za ngozi ya nyukiliya, koma silikamba zouza nzika za dzikolo. Zimenezo zinadzalembedwa m'pangano la Aarhus la mu 1998, lomwe limafuna kuti boma lifalitse nthawi yomweyo uthenga uliwonse wothandiza anthu kudziteteza ku chiopsezo chimene chayandikira, ngakhale limalolabe boma kukana kupereka zikalata zina pa zifukwa za chitetezo. Belarus, dziko limene poizoni wambiri wa Chernobyl anagwera, inatuluka m'panganoli mu 2022.