Kodi chitseko chidalakwanji?

Nkhani ya lendi imaoneka yophweka tikamaikamba m'minibasi. Munthu wakhala m'nyumba ya mwini miyezi itatu osalipira. Mwini nyumba atani? Ena amayankha msangamsanga kuti atuluke basi, nyumbayo si ya boma. Ena amati ayi, nanga umunthu uli kuti? Koma amene adamangako nyumba ya lendi, kapena adagonako m'chipinda chimene ali nacho ngongole, amadziwa kuti mayankho awiriwa ndi a anthu oonerera.

Tiyeni tiitengere nkhaniyi kuchigwa cha Shire, m'dera la Mfumu Maseya ku Chikwawa. Landilodi wa kumeneko si bwana wa mpanda ndi agalu ngati a ku Namiwawa. Kawirikawiri ndi mayi wamasiye, kapena bambo amene adapuma ntchito kuminda ya nzimbe n'kuumba njerwa, kugula malata, kumanga tizipinda tinayi kuseri kwa nyumba yake. Lendiyo ndiyo fizi ya mwana, ndiyo thumba la chimanga, ndiyo mankhwala. Wochita lendi naye ndi wodula nzimbe, wakabaza, kapena mayi wogulitsa mlamba wowamba pamsika. Mlanduwu tsono uli pakati pa osauka awiri.

Chovuta choyamba n'chakuti lendi imawerenga miyezi pamene ndalama za kuchigwa zimawerenga nyengo. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo, imene idayamba mu 1966 ndi dzina la Sucoma ndipo lero ili m'manja mwa Illovo, imagaya nzimbe m'chilimwe. Dzinja likafika aganyu ambiri amaima. Alimi a ku Phata, amene adaphatikiza minda yawo mu 2011, amaona phindu nzimbe zikagulitsidwa. Wathonje amagwira ndalama kamodzi pachaka. Koma mwezi suleka kutha chifukwa fakitale yatseka. Onjezerani madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, kenaka kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho. Munthu amene mu Okutobala ankatamandidwa kuti ngwokhulupirika, pofika Febuluwale akutchedwa mbava, chonsecho mtima wake ndi womwe uja.

Apatu ndi pamene ambiri timathamangira kunena kuti landilodi akhululuke. Koma kumeneko n'kuchita chifundo ndi thumba la wina. Akuluakulu adati chifundo chidapha msemamitondo. Mayi amene akhululukira zipinda zinayi m'miyezi ya njala, mwana wake yemwe ndiye abwezedwa kusukulu. Tisabisenso: alipo ochita lendi amene amapeza ya kachasu koma ya nyumba ayi, ndipo alipo amene amasamuka tambala asanalire, kusiya chipinda chili pululu. Ngongole ndi ngongole, ndipo mlandu suwola. Mwini nyumba sakulakwa kufunsa ndalama zake, sakulakwanso kufuna nyumba yake ngati zalephereka.

Funso lenileni lagona pa kafunsidwe. Tonse tikuidziwa njira imene idazolowereka m'makomboni mwathu: kuzula chitseko, kukanganula lata la pamwamba pa mphasa, kukhoma loko katundu ali m'kati, kunyamula mapoto ndi matilesi, kuzazira bambo pamaso pa ana ake mpaka oyandikana nawo atuluke kudzaonerera. Kuchigwa, nyumba yopanda chitseko ndiye kuti udzudzu usiku wonse, akuba, ndi atsikana a m'nyumbamo kugona poyera. Nanga chitseko chozulidwacho chimabweza tambala zingati? Sichibweza kanthu. Chimene landilodi akutolera pamenepo ndi manyazi a mnzake, ndipo manyazi sadali m'pangano. Adagwirizana za makwacha. Ulemu wa munthu ndi chitetezo cha ana ake sadaike chikole. Ngakhale buku la Deuteronomo, pamutu 24, limazindikira malire amenewa: limalola chikole, koma limaletsa wokongoza kulowa m'nyumba kukadzitengera yekha, ndiponso limaletsa kulanda mphero imene banja limadyera.

Ife Amalawi tiyenera kuzimva msanga zimenezi chifukwa tidakhalapo matenanti m'dziko lathu lomwe. M'masiku a thangata, anthu okhala m'maesiteti a azungu ankalipira malo ndi thukuta lawo, ndipo nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zidali m'gulu la zimene zidautsa John Chilembwe mu 1915. Lamulo la 1928 lidapatsa eni esiteti mphamvu yothamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a matenanti awo zaka zisanu zilizonse, popanda kupereka chifukwa. Thangata adatha mu 1962. Sindikuti mayi wamasiye wa kwa Maseya ndi mzungu wa esiteti, ayi ndithu. Koma chimene agogo athu sadaiwale ndi mantha okhala pamalo pamene wina angakuzule tsiku lililonse, lamulo lili kumbali yake. Amene wagwira makiyi wagwirako pang'ono mphamvu yomweyo.

Palinso china chimene chimasokoneza nkhaniyi. Chikhalidwe chathu chimadziwa mlendo, koma lendi n'chinthu chobwera. Kale munthu ankapempha malo kwa nyakwawa n'kupatsidwa. Chigwa cha Shire chidalandira Makololo amene adabwera ndi David Livingstone n'kukhazikika m'zaka za m'ma 1860, ndipo ufumu wa Maseya udachokera mwa iwo. Chidalandiranso othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. N'chifukwa chake landilodi amachita manyazi kufunsa lendi kwa munthu amene amagawana naye mchere ndi moto. Amangoti zii mwezi woyamba, kung'ung'udza wachiwiri, wachitatu n'kuphulika ndi hamala m'manja. Wochita lendi nayenso, m'malo mogogoda n'kufotokoza, amalawirira mbandakucha n'kubwera anthu atagona. Pofika tsiku la chitseko, awiriwa amakhala atatha milungu osapatsana moni.

Choncho udindo uli mbali zonse. Wochita lendi ali ndi ngongole ziwiri, ya ndalama ndi ya chilungamo, ndipo yachiwiriyi angathe kuibweza ngakhale m'thumba muli mbee. Apite yekha tsiku lisanakwane, anene zoona, apereke kangachepe kamene ali nako. Landilodi naye, asanakwiye, adzifunse: kodi munthuyu sakufuna, kapena sakutha? Mayankho awiriwa safuna mankhwala amodzi. Wosafuna apatsidwe notisi. Wosatha apatsidwe nthawi, ndipo nthawiyo iyezedwe ndi nyengo ya kuchigwa: mudzamaliza nzimbe zikayamba, thonje likagulidwa. Pangano lichitike pamaso pa mboni kapena nyakwawa, lilembedwe. Ngati ndalama palibe, pali thumba la mapira, pali kukonza denga, pali kuumba njerwa. Zonsezi zikakanika, bwalo la mfumu lilipo, khoti la majisitireti liliponso, ndipo munthu atuluke masana, katundu wake ali pamutu, ana ake osamva kuti bambo awo ndi galu.

Ena anena kuti njira imeneyi njochedwa, ndipo n'zoona. Landilodi angataye lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri. Koma kuchigwa madzi akabwera safunsa kuti mwini nyumba ndani. Amene adaona misasa ya anthu othawa madzi mu 2022 ndi 2023 akudziwa kuti landilodi ndi tenanti wake amakagona m'kalasi imodzi, kudikira ufa pamzere umodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Funsani ndalama zanu, a landilodi, musachite nazo manyazi. Koma chitsekocho chisiyeni pomwe chili.