Kodi Dzina la Mmisiri pa Ntchito Yake N'kudzitama?

Azakhali anga atamwalira, m'kabokosi kawo ka mkungudza tinapezamo chibangili chasiliva. Mbiri yake tonse tinkaidziwa. Agogo athu aamuna anali khukhi kwa mzungu wina wogwira ntchito m'boma nthawi imene Zomba inali likulu la dziko lino, ndipo mkazi wa mzunguyo anawapatsa chibangilicho potsanzikana. Koma za amene anachisula, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo.

Tsiku lina ndinachiyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, lija ndinkaonetsera ana mapiko a ntchentche m'kalasi. M'kati mwake munali tizizindikiro tinayi tochepa ngati njere za mawere: nangula, mkango wotukula mwendo umodzi wakutsogolo, chilembo chimodzi chapachokha, ndi zilembo ziwiri zogundizana.

Tizizindikiro timeneti si zokometsera ayi, ndi mboni. Ku England, m'chaka cha 1300, mfumu Edward I anakhazikitsa lamulo loti chinthu chasiliva chisagulitsidwe chisanayesedwe ndi kudindidwa mutu wa kambuku. Siliva payekha ndi wofewa, choncho amisiri amamusakaniza ndi mkuwa pang'ono, ndipo muyeso wovomerezeka ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1000 alionse. Mkango uja, umene anayamba kuudinda mu 1544, umachitira umboni muyeso umenewu. Nangula ndi chidindo cha ofesi yoyesa zitsulo ya mumzinda wa Birmingham, yomwe inatsegulidwa mu 1773. Chilembo chapachokha chimaloza chaka chimene chinthucho chinayesedwa. Zilembo ziwiri zija ndi za dzina, pakuti kuyambira mu 1363 mmisiri aliyense analamulidwa kukhala ndi chizindikiro chakechake.

Apa ndi pamene pagona funso langa. Ife tinaleredwa pophunzitsidwa kuti munthu wodziloza pachifuwa ndi wopanda mwambo. Mayi woumba mbiya salemba dzina lake pa mbiya. Anyamata ogulitsa ziboliboli pamwamba pa phiri la Zomba, pafupi ndi Ku Chawe, amayala njovu ndi mipando yosemedwa mwaluso, koma ukatembenuza kunsi kwake kawirikawiri supezako dzina. Kodi tinene kuti ife ndife odzichepetsa, ndipo osula siliva a ku Birmingham anali odzitama?

Ine sindiganiza choncho. Kumudzi dzina la woumba lilipo, kungoti silinalembedwe. Aliyense amazindikira mkono wake poona mlomo wa mbiya ndi mizere ya m'khosi mwake, ndipo mphika ukang'ambika pamoto woyamba, mwini wake amadziwa khomo loti akagogode. Kuphiri zinthu n'zosiyana. Mlendo amagula lero, mawa wakwera ndege. Wosema amene anadikira kuti mtengo uume bwino ndi mnzake amene anabisa ming'alu ndi polishi amalandira mtengo umodzi. Kusowa kwa dzina kumafunditsa waulesi ndi kulanda wakhama mphotho yake. Kumeneko sindingakutche kudzichepetsa.

Taonaninso kuti lamulo la mu 1363 silinabwere kuti amisiri atchuke. Linabwera kuti siliva wachinyengo akapezeka, wolakwa adziwike. Kudinda dzina kunali ngati kunena kuti, "Chikapezeka cholakwika, mundipeza ine." Ndiponso mmisiri sankaloledwa kudzidindira yekha mkango uja, umenewo unkadindidwa ndi woyesa, munthu wapadera, chifukwa pabwalo munthu sakhala mboni ya mlandu wake womwe. Masipuni ambiri akale amene amapezeka m'nyumba zathu ali ndi zilembo za EPNS, kutanthauza kuti ndi chitsulo china chokutidwa ndi siliva pamwamba pokha. Ena angati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ine sipuni yotero sindiinyoza, poti yanena yokha chimene ili. Woipa ndi amene amafufuta zilembozo n'kuigulitsa ngati siliva weniweni.

Komabe pali chinthu china chimene chinandisowetsa mtendere. Zilembo ziwiri zija nthawi zambiri zimakhala za munthu kapena kampani imene inalembetsa chizindikirocho ndi kupereka katundu kuti akayesedwe. Wofufuza m'mabuku a ofesi ya ku Birmingham angathe kupeza mwini fakitale, koma mnyamata amene anapinda chitsulo ndi mtsikana amene anachipukuta mpaka zala kutupa sadzawapezamo. Chidindo chimatiuza woyankha mlandu, osati nthawi zonse wokhetsa thukuta. Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira agogo aja. Alendo a bwana akakhuta, ankayamika dona wa panyumbapo, pamene wophika ali chiimire kukhitchini kudikira mbale. Nyama ikapserera, pamenepo ndiye dzina lawo linkamveka mpaka kumpanda. Choncho dzina likhoza kulembedwa bwinobwino chilungamo n'kutsalabe.

Inu ophunzira nkhaniyi isakuonekereni yakutali. Mukamalemba mayeso a Fomu 4 mumaika nambala yanu papepala, ndipo bungwe la MANEB, lomwe likulu lake lili mumzinda wa Zomba momwemuno, limayesa ntchito yanu ndi kuidinda. Satifiketi ndi mkango uja. Amene wakopera kwa mnzake wadinda dzina lake pa thukuta la wina, ndipo adzakapimidwa tsiku limene adzapatsidwe odwala kapena kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu.

Chibangili chija ndinapatsa mdzukulu wanga wamkazi atakhoza mayeso ake. Ndinamuonetsa nangula ndi mkango, kenaka ndinamulembera papepala dzina la agogo ndi mudzi wawo wa ku Chingale, n'kuliika m'kabokosi ka mkungudza kaja.